Momwe madera atsopano a aphungu amabadwira: kuchoka pa 193 kufika pa 229

Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chidachitika dziko la Malawi litagawidwa m'madera 229 a aphungu a Nyumba ya Malamulo, kusiyana ndi madera 193 omwe adagwiritsidwa ntchito pa zisankho zisanu zotsatizana kuyambira 1999 mpaka 2019. Madera 36 oonjezerawo sadabwere chifukwa choti dziko lidakula, pakuti nthaka ya Malawi ndi yomwe ija. Chidasintha ndi mizere ya pamapu yomwe imanena kuti mudzi wakuti kapena lokeshoni yakuti isankha phungu limodzi ndi anthu ati.

Kusinthaku kudaoneka kwambiri m'mizinda. Mzinda wa Mzuzu, womwe udali ndi phungu mmodzi yekha, tsopano uli ndi madera atatu: Mzuzu City North, Mzuzu City South East ndi Mzuzu City South West. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre anthu ambiri adapeza kuti dera lomwe adalizolowera lasintha dzina, malire komanso anthu opikisana.

Ntchito yodula malire imaoneka ngati ya akatswiri a mapu okha, koma ndi yomwe imatsimikiza kulemera kwa voti ya munthu aliyense. Dera likakhala ndi ovota ochuluka kuposa anzake, voti ya munthu mmodzi m'deralo imapepuka, ngakhale iye adadzuka m'mamawa n'kukaima pamzere chimodzimodzi ndi wina aliyense.

Zomwe malamulo akunena

Dziko la Malawi lidatengera ku Britain njira yosankhira aphungu yomwe dera lililonse limatumiza munthu mmodzi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo wopambana ndi yemwe wapeza mavoti ambiri kuposa anzake, ngakhale atapanda kufika theka la mavoti onse. M'maiko monga South Africa ndi Mozambique aphungu amalowa m'nyumbayi kudzera pa mndandanda wa chipani molingana ndi mavoti omwe chipanicho chapeza, choncho nkhani ya malire a dera la phungu mmodzi siivuta. Kuno imavuta chifukwa mzere umodzi wa pamapu ukhoza kusintha wopambana.

Gawo 62 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino limapereka mphamvu yonena chiwerengero cha mipando ya m'Nyumba ya Malamulo ku bungwe loyendetsa zisankho la Malawi Electoral Commission, lomwe ambiri amangolitchula kuti MEC. Wapampando wa bungweli amakhala woweruza milandu wosankhidwa ndi bungwe loona za ntchito ya oweruza la Judicial Service Commission.

Gawo 76 ndi lomwe limafotokoza kadulidwe ka malire. Mfundo yake yaikulu ndi yoti bungweli ligwire ntchitoyi mosakondera, poonetsetsa kuti madera onse ali ndi chiwerengero chofananako cha anthu oyenera kulembetsa m'kaundula wa voti. Lamuloli limalola kupatuka pa mfundoyi pa zifukwa zitatu zokha. Choyamba ndi kuthithikana kwa anthu pamalopo. Chachiwiri ndi kuphweka kapena kuvuta kwa mayendedwe ndi kulumikizana. Chachitatu ndi maonekedwe a malo, monga mapiri, mitsinje ndi nyanja, pamodzi ndi malire a ulamuliro omwe alipo kale.

Zifukwa zitatuzi ndi zomwe zimachititsa kuti zilumba za Likoma ndi Chizumulu zikhale ndi phungu wakewake ngakhale kalembera wa 2018 adapeza anthu 14,527 okha m'bomalo. Kulumikiza zilumbazi ndi dera la kumtunda ku Nkhata Bay kukadafananitsa manambala, koma kukadapatsa anthu phungu yemwe sangamufikire popanda kuoloka nyanja.

Gawo lomweli limati Nyumba ya Malamulo ndiyo imavomereza malire omwe MEC yadula, koma nyumbayi ilibe mphamvu yosintha malire a dera lililonse pokhapokha bungwelo litalangiza choncho. Cholinga chake n'choonekeratu: phungu asadzidulire yekha munda womwe adzakololemo mavoti. Yemwe akuona kuti bungweli laphwanya malamulo pogwira ntchito yake ali ndi mwayi wopempha khoti lalikulu kuti liunike zomwe zachitikazo.

Malamulowa, momwe adalembedwera mu 1994, adalamulanso kuti malire aziunikidwa pasanathe zaka zisanu. Apa ndi pomwe dziko lidatsalira kwa nthawi yaitali.

Momwe chiwerengero chakhala chikukwerera

Pomwe dziko limalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, Nyumba ya Malamulo idali ndi mipando 53, ndipo itatu mwa iyo idali ya kaundula wapadera wa azungu. Kalembera woyamba dziko litaima palokha, yemwe adachitika mu 1966, adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni.

M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi cha Malawi Congress Party pansi pa Dr Hastings Kamuzu Banda, madera adapitirira kuchuluka: adali 87 pachisankho cha 1978, adafika 101 mu 1983, kenako 112 mu 1987 ndi 141 mu 1992. Panthawiyo kusuntha malire sikunkasintha chipani cholamula popeza opikisana onse adali a chipani chimodzi.

Zinthu zidatembenuka Amalawi atasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chidachitika m'madera 177: chigawo cha kumpoto chidali ndi 33, chapakati 68 ndipo chakummwera 76. Zotsatira zake zidaonetsa poyera kuti anthu adavota motsata zigawo. Chipani cha United Democratic Front chidapeza mipando 85, yambiri mwa iyo kummwera. Malawi Congress Party idapeza 56, makamaka m'chigawo chapakati. Alliance for Democracy idapeza 36, kuphatikizapo mipando yonse 33 ya kumpoto.

Kuchokera pamenepo, funso loti chigawo chiti chilandire madera angati lidasanduka funso loti chipani chiti chidzakhale ndi mphamvu m'Nyumba ya Malamulo.

Mkangano wa 1998

Izi zidaonekera pomwe dziko limakonzekera chisankho cha 1999. Bungwe loyendetsa zisankho, lomwe panthawiyo linkatsogoleredwa ndi Justice William Hanjahanja, lidabweretsa ganizo loti paonjezeredwe madera 70, ndipo 42 mwa iwo adali a kummwera, komwe chipani cholamula cha United Democratic Front chidali ndi mphamvu. Zipani zotsutsa zidakana kwamtuwagalu, ponena kuti mapuwo adakonzedwa pofuna kukometsera mbali ya boma.

Pamapeto pake padaonjezeredwa madera 16 okha: 11 kummwera ndi asanu m'chigawo chapakati. Chigawo cha kumpoto chidatsala ndi madera ake 33, chapakati chidafika pa 73 ndipo chakummwera pa 87. Umu ndi momwe chiwerengero cha 193 chidabadwira. Chidali chiwerengero chothetsera mkangano wa nthawi imeneyo, koma chidakhala osasuntha pa zisankho za 1999, 2004, 2009, 2014 ndi 2019.

Zaka 20 anthu akuchuluka, malire ali chiimire

Kalembera wa 1998 adapeza anthu 9.9 miliyoni m'dziko muno. Wa 2008 adapeza 13 miliyoni, ndipo wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Kugawa anthuwa m'madera 193 kukusonyeza kuti phungu yemwe ankaimirira anthu pafupifupi 51,000 mu 1998 adafika poimirira pafupifupi 91,000 mu 2018.

Anthu akadachuluka mofanana paliponse, vuto likadakhala lochepa popeza mavoti akadapitirira kulemera chimodzimodzi. Koma sizidatero. Mzinda wa Lilongwe udachoka pa anthu pafupifupi 440,000 mu 1998 kufika pa 989,318 mu 2018. Mzuzu udachoka pa anthu pafupifupi 87,000 kufika pa 221,272. Blantyre udachoka pa theka la miliyoni kufika pa 800,264. Malo omwe adali minda ndi tchire m'mphepete mwa mizindayi adadzaza nyumba, koma chiwerengero cha aphungu ake sichidasinthe.

Zigawo nazo zidasuntha. Pofika 2018, pa anthu 100 alionse m'dziko muno, 44 adali kummwera, 43 m'chigawo chapakati ndipo 13 kumpoto. Chigawo chapakati chidali chitatsala pang'ono kufanana ndi chakummwera pa chiwerengero cha anthu, koma chidali ndi madera 14 ochepera pa a kummwera.

Kusiyanaku kudafika poipa kwambiri poyerekeza dera ndi dera. Pachisankho cha 2019, pomwe anthu 6.8 miliyoni adalembetsa, dera lililonse likadayenera kukhala ndi ovota pafupifupi 35,500 kukadakhala kuti onse agawidwa mofanana. M'malo mwake dera la Lilongwe City Centre lidali ndi ovota oposa 100,000, pomwe la Likoma lidali ndi osakwana 10,000. Madera onse awiri ankatumiza phungu mmodzi, wokhala ndi voti imodzi pokambirana za bajeti ndi malamulo. Magulu oona momwe zisankho zikuyendera, kuphatikizapo la European Union, adadzudzula kusiyana kotereku m'malipoti awo ndipo adapempha kuti malire aunikidwenso.

Momwe ntchito ya 2021 ndi 2022 idayendera

Ntchito younikanso malire idayamba mu 2021, bungwe la MEC likutsogoleredwa ndi Justice Chifundo Kachale, yemwe adasankhidwa pampandowu mu Juni 2020. Nthawiyi idali yabwino pa chifukwa chimodzi: chisankho chachikulu chidali chikadali kutali, choncho padali mpata wokambirana mitima isanatenthe ndi misonkhano yokopa anthu.

Gawo loyamba la ntchito yotere ndi la manambala. Lamulo limakamba za anthu oyenera kulembetsa, kutanthauza onse omwe akwanitsa zaka 18, osati okhawo omwe adalembetsa kale. Pachifukwachi bungweli lidadalira kafukufuku wa ofesi yoona za chiwerengero cha anthu ya National Statistical Office, yomwe potengera kalembera wa 2018 idayerekeza kuti pofika 2025 dziko lidzakhala ndi anthu pafupifupi 10.9 miliyoni a msinkhu wovota. Chiwerengero choterechi chikagawidwa ndi madera omwe akufunika, pamapezeka muyeso womwe dera lililonse liyenera kuyandikirako. Pa madera 229, muyesowo ndi anthu pafupifupi 47,800.

Gawo lachiwiri ndi logawira khonsolo iliyonse madera ake. Apa bungweli lidatsata mfundo yoti dera lisadumphe malire a khonsolo. M'mbuyomu madera ena ankatenga mbali ya mzinda ndi mbali ya midzi ya khonsolo ya boma, zomwe zinkasokoneza kuti phunguyo akakhale pamsonkhano wa khonsolo iti komanso kuti chitukuko cha deralo chidzere kuti.

Gawo lachitatu ndi lokambirana ndi eni malo. Bungweli lidakumana ndi mafumu, zipani za ndale, aphungu, makhansala, akuluakulu a m'makhonsolo, amipingo ndi mabungwe omwe si aboma. Pamisonkhano yotere pamatuluka zinthu zomwe mapu sanena: mtsinje womwe suolokeka m'dzinja, midzi ya gulupu mmodzi yomwe ikukana kugawidwa pawiri, kapena msika womwe mbali ziwiri zonse zikuufuna. Malire omwe anthu amawalandira msanga ndi omwe amatsata chinthu chooneka ndi maso monga msewu, mtsinje kapena phiri.

Gawo lachinayi ndi loonetsa mapu oyamba kuti anthu awaone ndi kupereka madandaulo. Ganizo loyamba la MEC lidali la madera 228, koma pomwe ntchito imafika kumapeto chiwerengerocho chidali 229. Nyumba ya Malamulo, yomwe sipikala wake adali Catherine Gotani Hara, idavomereza malirewa chakumapeto kwa 2022.

Kuvomerezedwa kwa malire sikudachotse phungu aliyense pampando. Aphungu omwe adasankhidwa m'madera 193 adapitiriza ntchito mpaka pomwe Nyumba ya Malamulo idathetsedwa mu Julayi 2025. Madera atsopano adayamba kukhala ndi aphungu pachisankho cha mu Sepitembala chaka chomwecho, chomwe chidayendetsedwa ndi MEC motsogoleredwa ndi Justice Annabel Mtalimanja.

Zomwe zidasintha pamapu

Dera latsopano limabadwa m'njira ziwiri. Nthawi zina dera limodzi lalikulu limadulidwa pawiri kapena patatu, monga zidachitikira ku Mzuzu. Nthawi zina amabenthula mbali za madera awiri kapena atatu oyandikana n'kuziphatikiza kukhala dera limodzi. Pa njira yachiwiriyi, ngakhale madera omwe asunga mayina awo akale amakhala atasintha mkati mwake, ndipo munthu akhoza kupezeka m'dera lina asadasamuke pakhomo pake.

Chigawo chapakati ndicho chidalandira madera ambiri mwa 36 atsopanowo, mogwirizana ndi momwe anthu adachulukira kumeneko, ndipo palibe chigawo chomwe chidataya mpando. Makhonsolo a matauni adapatsidwa madera awoawo, n'chifukwa chake lero kuli madera monga Karonga Town, Kasungu Municipality ndi Luchenza Municipality. Mzinda wa Zomba uli ndi madera awiri, lakumpoto ndi lakummwera.

Mayina nawo adasintha. M'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, madera ambiri omwe ankatchulidwa potengera kummawa, kumadzulo kapena kummwera tsopano akudziwika ndi mayina a malo omwe anthu amakhala. Ku Lilongwe kuli madera monga Lilongwe City Mtandire-Mtsiriza, Lilongwe City Bwaila, Lilongwe City Dzenza ndi Lilongwe City Ngwenya. Ku Blantyre kuli Blantyre City Soche-Zingwangwa, Blantyre City Chilomoni-Kabula-Nancholi ndi Blantyre City South Lunzu, mwa ena. Mayina ataliataliwa amavuta kutchula, koma amasonyeza chinthu chimodzi chomwe anthu sachimvera mopepuka: lokeshoni iliyonse imafuna kuti dzina lake limveke m'Nyumba ya Malamulo.

Mawodi a makhansala adasinthanso chifukwa amadulidwa mkati mwa madera a aphungu. Pachisankho cha makhansala cha 2000 dziko lidali ndi mawodi 861. Lamulo litasinthidwa mu 2010 kuti dera lililonse la kunja kwa mizinda likhale ndi mawodi awiri, chiwerengerocho chidatsika kufika pa 462, ndipo ndi chomwe chidagwiritsidwa ntchito mu 2014 ndi 2019. Kuunikanso kwa 2022 kudachikweza kufika pa 509.

Tanthauzo lake kwa wovota, phungu ndi chipani

Kwa wovota, kusintha kwa malire sikukhudza chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Pachisankho chimenecho dziko lonse limawerengedwa ngati bwalo limodzi, ndipo kuyambira pa chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020 wopambana amayenera kupeza mavoti oposa theka. Malire amagwira ntchito pa mapepala awiri enawo, la phungu ndi la khansala. Malo omwe munthu adalembetsera ndi omwe amanena dera ndi wodi yake.

Kalembera watsopano wa ovota, yemwe adayamba chakumapeto kwa 2024 pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika, adachitika motsata malire atsopanowa, ndipo anthu pafupifupi 7.2 miliyoni adalembetsa. Chiwerengerochi n'chotsika kwambiri poyerekeza ndi 10.9 miliyoni omwe ankayembekezeka. Komanso Gawo 77 la malamulo aakulu limalola munthu kulembetsa komwe amakhala, komwe adabadwira kapena komwe amagwira ntchito ndi kuchita malonda. Ena okhala m'tauni amasankha kukavotera kumudzi kwawo. Zifukwa ziwirizi zimachititsa kuti madera omwe adafananitsidwa papepala asiyanebe m'kaundula.

Kwa phungu yemwe ali pampando, kudulidwa kwa dera ndi mwayi komanso chiopsezo. Lamulo silimukakamiza kuima mbali yomwe kuli nyumba yake, popeza chofunika n'choti akhale nzika ya zaka zosachepera 21, wodziwa kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana, komanso wolembetsa m'kaundula wa voti. Choncho amasankha mbali yomwe akuona kuti ali ndi omutsatira ambiri. Koma mlatho, sukulu kapena mijigo yomwe ankadalira poonetsa ntchito zake ikhoza kugwera tsidya lina la mzere. Nthawi zina aphungu awiri oyandikana amapezeka akulimbirana dera limodzi pomwe dera la pambali pake lilibe mwini.

Kwa zipani, dera latsopano ndi ntchito yatsopano: kukhazikitsa makomiti, kuchititsa chisankho chachipulula ndi kupeza ndalama zokopera anthu. Popeza dera lotere lilibe phungu wakale woti n'kumugwetsa, ofuna mpando amachuluka, ndipo ogonja pachipulula kawirikawiri amaima paokha.

Masamu a m'Nyumba ya Malamulo adasinthanso. Pa mipando 193, mbali yofuna kukhala ndi aphungu oposa theka inkafunika 97, ndipo magawo awiri mwa atatu, omwe amafunika posintha malamulo aakulu a dziko, adali aphungu 129. Pa mipando 229, manambalawa ndi 115 ndi 153.

Momwe malire angaberedwere

Anthu amakayikira ntchito yodula malire chifukwa mavoti akhoza kubedwa tsiku lovota lisanafike, popanda kukhudza bokosi ngakhale limodzi. Mchitidwewu uli ndi dzina m'Chingerezi, gerrymandering, lochokera kwa Elbridge Gerry, bwanamkubwa wa Massachusetts m'dziko la America, yemwe mu 1812 adasaina lamulo la malire okhotakhota okomera chipani chake.

Njira zake zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuunjika otsatira chipani chotsutsa m'dera limodzi kuti apambane kumeneko ndi mavoti ochuluka zedi koma asowe mphamvu m'madera ozungulira. Yachiwiri ndi kuwamwaza m'madera angapo kuti paliponse akhale ochepa. Mwachitsanzo, tauni yomwe anthu ake amakonda chipani china ikadulidwa zidutswa zitatu, chidutswa chilichonse n'kuphatikizidwa ndi midzi yambiri yokonda chipani chinzake, tauniyo ikhoza kukhala yopanda phungu wa kumtima kwake ngakhale ili ndi anthu okwanira dera lathunthu.

M'dziko lomwe anthu ambiri amavota motsata zigawo, njira yachitatu ndi yosavuta kuposa zonse: kupereka madera ambiri ku chigawo chomwe chipani chili ndi mphamvu. Uku ndi komwe kudali kudandaula kwa 1998. Palinso njira yachinayi yomwe siioneka ngati chinyengo, yomwe ndi kungosiya malire akale osawakhudza pomwe anthu akusamuka. Zotsatira zake n'zofanana: mavoti a ena amalemera kuposa a anzawo.

Mtengo wa madera oonjezera

Pali njira ziwiri zofananitsira madera. Ina ndi kusunga chiwerengero cha mipando, n'kuchotsa mipando komwe anthu ndi ochepa kuipititsa komwe achuluka. Inayo ndi kuonjezera mipando komwe anthu achuluka popanda kulanda aliyense. Njira yoyamba siidya ndalama zambiri koma ndi yowawa pandale, popeza imafuna kuti aphungu avomereze lipoti lothetsa mipando ya ena mwa iwo. Dziko la Malawi lakhala likutsata njira yachiwiri kuyambira pomwe lidalandira ufulu.

Koma walira mvula walira matope. Phungu aliyense woonjezera amabwera ndi malipiro, ndalama za misonkhano ndi zina zomuyenera paudindo wake, ndipo wodi iliyonse yoonjezera imabwera ndi khansala. Ganizo la madera atsopano lidafika panthawi yomwe chuma chidali pamavuto, ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo ambiri adafunsa ngati dziko lingakwanitse kusamala aphungu ochuluka chotere pomwe zipatala zikusowa mankhwala.

Palinso thumba la chitukuko cha m'madera la Constituency Development Fund, lodziwika kuti CDF, lomwe lidayamba mu 2006. Thumbali limapereka ndalama zofanana ku dera lililonse posatengera kuchuluka kwa anthu. M'bajeti ya 2024/25 ndalamazi zidafika pa K200 miliyoni pa dera. Pa mlingo umenewo, madera 36 atsopano akutanthauza K7.2 biliyoni yoonjezera pachaka.

Komabe thumba lomweli ndi lomwe likuonetsa bwino chifukwa chomwe anthu a m'madera othithikana ankafunira kudulidwa. Dera la ovota oposa 100,000 linkalandira ndalama zofanana ndi dera la ovota osakwana 10,000. Mzinda wa Mzuzu, womwe unkalandira gawo limodzi, tsopano ukuyenera kulandira magawo atatu. Kwa wokhala ku Chibavi, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo, nkhani ya malire ndi nkhani ya ngalande, milatho ndi zipinda zophunziriramo.

Zomwe zikubwera

Kuunikanso kwa 2022 kudachepetsa kusiyana kwa madera koma sikudakuthetse, ndipo sikungakuthetse kotheratu malinga ngati lamulo likulola kuganizira nyanja, mapiri ndi malire a makhonsolo. Likoma ipitirira kukhala dera laling'ono, ndipo mizinda ipitirira kukula msanga kuposa midzi. Malo monga Area 25, Area 36 ndi Area 49 ku Lilongwe kapena Machinjiri ndi Chileka ku Blantyre akulandira anthu atsopano chaka ndi chaka.

Kalembera wa anthu amachitika pakatha zaka pafupifupi 10, ndipo wotsatira akuyembekezeka mu 2028, zaka ziwiri chisanachitike chisankho cha 2030. Manambala ake adzaonetsa madera omwe adzakhale atafufumanso kupitirira muyeso. Pamenepo dziko lidzakumananso ndi funso lomwe lakhala likulizemba: kupitiriza kuonjezera mipando nthawi iliyonse anthu akachuluka, kapena kuika malire pa kukula kwa Nyumba ya Malamulo n'kumagawanso mipando yomwe ilipo.

Kwa nzika wamba, nthawi yoyankhulapo ndi pomwe MEC ikuchititsa misonkhano m'makhonsolo ndi kuonetsa mapu oyamba. Nyumba ya Malamulo ikangovomereza, mzere womwe wadutsa kuseri kwa nyumba ya munthu umakhala pomwepo mpaka kuunikanso kwina, ndipo komaliza kuunikanso kotere kudatenga zaka zoposa 20 kuti kufike.